Chimene mlendo amagwira chikhale ndi chinzake m'kabati

Nyumba imene ndimalandiriramo alendo ndi yaing'ono: zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini ndi bafa limodzi. Ena amagona usiku umodzi, ena masiku atatu, ena sabata yathunthu, ndipo ambiri amandipeza pa Airbnb kapena pa Booking.com, masamba a pa intaneti obukitsira malo ogona. Lamulo langa ndi lakuti mlendo atuluke pofika 10 koloko m'mawa, winayo alowe 3 koloko masana. Pakati pamenepa pali maola asanu okha, ndipo m'maola amenewo tiyenera kuyalula mabedi, kuchapa, kukolopa, kutsuka bafa, kuyalanso, komanso kuona chimene chasweka, chimene chatha ndi chimene chasowa. Anthu ofuna kuyamba ntchitoyi akandifunsa choyamba kugula, amayembekeza kuti nditchula sofa yokongola kapena TV yaikulu. Ine ndimawauza kuti apeze kabati yokhoma, ndipo chilichonse chimene mlendo amagwira ndi manja ake chikhale ndi chinzake m'kabatimo.

Pakhomo panu babu likapsa madzulo mumangogona, mawa n'kukagula lina, ndipo palibe amene angakuimbeni mlandu. Mlendo ndiye ayi. Iye walipira usiku umenewo, ndipo mwina kukamacha adzakhala ali pa ulendo. Nyumba yanu adzaikumbukira momwe anaipezera tsiku limenelo basi. Zoti dzulo zonse zinali bwino, kapena kuti mkuja mudzakonza, sizikumukhudza. Komanso zinthu zimawonongeka nthawi imene masitolo atseka, Loweruka usiku kapena tsiku la tchuthi, poti ndi nthawi imene m'nyumba muli anthu ndipo chilichonse chikugwira ntchito. Sipeya amakugulirani nthawi pasadakhale, kuti vuto limene likanatenga tsiku lonse lithe pa mphindi zisanu.

Ndiyambe ndi zofunda, chifukwa ndi kumene kumapita ndalama zambiri, ndiponso ndi kumene ambiri amaumira. A m'mahotela ali ndi kawerengedwe kawo: bedi lililonse likhale ndi zoyala zitatu, zina zili pabedi, zina zili kochapa, zina zapindidwa pashelefu. Ine ndimatsatira zomwezo, ndipo bedi la m'chipinda chachikulu ndinaliwonjezera zachinayi chifukwa ndi limene limagonedwa nthawi zonse, ngakhale mlendo atabwera yekha. Wina anganene kuti ziwiri n'zokwanira, zina pabedi zina kochapa. Zimakwanadi dzuwa likamawala ndiponso makina ochapira akamagwira ntchito. Koma tsiku la mitambo, bedishiti yochapidwa 11 koloko siuma pofika 3 koloko, ndipo yoyalidwa isanaumitsitse mlendo amaidziwa akangotsegula chitseko, fungo lake silibisika. Zachitatuzo zimachititsa kuti kuyala bedi kusamadikire kuchapa. Zakudazo zingachapidwe madzulo kapena mawa mosathamanga, ndipo pamene pathimbirira mumakhala ndi mpata woviika n'kufikisa bwinobwino.

Mabedishiti ndi matawulo anga onse ndi oyera, a mtundu umodzi. Zimaoneka ngati kudziputira ntchito, poti choyera sichibisa litsiro. Koma choyera chimalola kuviikidwa m'bulichi ndi kuchapidwa ndi madzi otentha, pamene nsalu yamtundu ikathimbirira mumangoiyang'ana. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Mafuta ena odzola kumaso ochiza ziphuphu amakhala ndi mankhwala otchedwa benzoyl peroxide, ndipo mankhwalawa amasukulutsa nsalu. Munthu akadzola n'kudzipukuta ndi thawulo labuluu, pamatsala mawanga otuwa amene sachoka mpaka kalekale, pamene pa thawulo loyera sipaoneka kanthu. Ndipo zonse zikakhala zofanana, pilokesi imodzi ikawonongeka mumangotenga ina m'kabati, simutaya seti yonse. Cha mtundu wakuda chokha chimene ndimaika m'bafa ndi tinsalu ting'onoting'ono topukutira zodzoladzola, ndi kapepala kopempha mlendo kuti akafuna kuchotsa za kumaso agwiritse ntchito timeneto. Matawulo ambiri apulumuka chifukwa cha tinsalu timeneti.

Amayi amene amandithandiza kukonza m'nyumbamo ndi amene anabweretsa kapindidwe kamene timatsatira. Akasita, amapinda bedishiti yapansi, yapamwamba, chovekera duveti ndi pilokesi imodzi, kenaka zonsezo amazilowetsa m'pilokesi yachiwiri n'kupinda kukamwa kwake. Pashelefu pamakhala mitolo, mtolo umodzi bedi limodzi. Pakona ya bedishiti iliyonse anasokapo kaulusi: kofiira ndi ka bedi lalikulu, kobiriwira ndi ka mabedi ang'onoang'ono. Amene anayalapo bedishiti n'kuzindikira kuti ndi yaifupi atafika kale pakona yachitatu ya matiresi, akudziwa phindu la kaulusi kameneka. Pansi pa bedishiti pamakhala chotetezera matiresi chosalowa madzi, ndipo bedi lililonse lili ndi ziwiri. Ana amakodza pogona, akuluakulu amatayira zakumwa, ena amadwala usiku. Zimenezi zimachitikira munthu aliyense ndipo sindikwiya nazo. Chotetezeracho chimachapidwa, koma matiresi akanyowa mkati simungawaumitse pa maola asanu, ndipo m'chipinda chogona mulibe chinthu chovuta kusintha mwamsanga kuposa matiresi. Mapilo awiri atsopano ndi bulangete lowonjezera la bedi lililonse zimakhala pashelefu ya pamwamba.

Matawulo ndimawerenga atatu pa munthu aliyense amene nyumbayo ingalandire. Sitithira mankhwala ofewetsa nsalu pochapa, chifukwa amamata ulusi ndipo thawulo limasiya kuyamwa madzi. Thawulo likang'ambika m'mphepete kapena likathimbirira mosachoka, limadulidwa n'kukhala chikolopa. Silibwerera m'kabati ngati sipeya. Ndikutsindika zimenezi chifukwa n'kosavuta kusandutsa kabati ya sipeya kukhala kotayira zinthu zotopa za pakhomo panu. Tsiku limene mudzachifune, chinthucho chidzapita m'manja mwa mlendo amene walipira mtengo wonse, ndiye chiyenera kukhala chabwino ngati chimene chikulowedwa m'malo.

Ku khitchini nkhani yaikulu ndi kugula zambiri nthawi imodzi. Masitolo amasintha katundu. Matambula amene mwawakonda lero, pakatha miyezi ingapo simuwapezanso, ndipo limodzi likasweka mumatsala ndi asanu ofanana ndi limodzi lachilendo. Pakatha chaka, shelefu imadzaza ndi makapu osiyanasiyana, ndipo mlendo akatsegula amaona nyumba yosasamalidwa ngakhale zonse zili zotsukidwa. Ine ndikamagula matambula ndimagula 12: ndimatulutsa 6, enawo amakhala m'katoni yawo m'kabati. Mbale ndi makapu chimodzimodzi, ndipo ndimasankha zoyera zopanda maluwa, kuti ngakhale mtunduwo utatha m'sitolo, zina zoyera zidzafananeko. Timasipuni ting'onoting'ono ndi mafoloko ndiye ndimagula mochuluka kuposa zonse. Timasowa kwambiri, ndipo sikuti anthu amaba. Timapita m'bini limodzi ndi zotsala za m'mbale, kapena timalowa m'chikwama cha mwana. Chotsegulira zitini, chotsegulira mabotolo, mpeni wakuthwa umodzi, thabwa lodulirapo ndi chiwaya chimodzi zilinso ndi zinzake. Chiwaya chosamata sichikhalitsa m'nyumba ya alendo, chifukwa nthawi zonse pamapezeka wina wochikanda ndi foloko.

Mababu amafuna kuti muwerenge zolembedwa pa katoni. Nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi mitundu itatu: lopotokola la E27, lokanikiza n'kutembenuza la B22, ndi tating'ono ta m'denga ta GU10. Kukhala ndi mababu khumi a mtundu umodzi sikuthandiza ngati lapsalo ndi la mtundu wina. Ine ndinayenda chipinda ndi chipinda n'kulemba mtundu wa babu lililonse, ndipo pepalalo linamatidwa mkati mwa chitseko cha kabati. Onaninso nambala yothera ndi K. Babu la 2700K limawala mofiirira, kuwala kofatsa koyenera kuchipinda, pamene la 6500K limawala moyera mbee. Mukasakaniza awiriwa m'chipinda chimodzi, diso limaona kuti china chake chalakwika ngakhale munthuyo sangathe kuchitchula.

Mabatire ndi amene ndimawaopa kwambiri akasowa, ndipo chifukwa chake si rimoti ya TV. Alamu ya utsi batire lake likamatha imalira pang'onopang'ono, kamodzi pakapita kanthawi, ndipo kawirikawiri imayamba usiku kukazizira, poti kuzizira kumafooketsa batire lotha kale. Mlendo amene akulephera kugona 2 koloko usiku sakuimbirani foni. Amakwera pampando, n'kuchotsa batirelo, n'kubwerera kukagona. M'mawa amapita osakuuzani, ndipo alendo otsatira amagona m'nyumba imene alamu yake ndi yakufa, inu osadziwa. N'chifukwa chake batire la 9V limakhala m'dirowa imene mlendo angatsegule, ndipo amayi aja amadina batani loyesera alamu nthawi zonse akamamaliza ntchito. Alamu yeniyeniyo imafunika kusinthidwa ikakwanitsa zaka 10, ndipo tsiku limene inapangidwa limalembedwa kumbuyo kwake. Ngati m'nyumba muli chitofu cha gasi kapena china chilichonse choyaka moto, alamu ya mpweya wa carbon monoxide nayonso imafuna chisamaliro chomwecho, chifukwa mpweya umenewu ulibe fungo. Mabatire a AA ndi AAA ndimasiya ochepa poyera. Tating'ono tophwatalala ta CR2032 ndiye sindisiya poyera ngakhale pang'ono: mwana akameza kamodzi kokha kangathe kumuwotcha kummero pa maola ochepa. Ndipo rimoti ya sipeya ndi tochi ya sipeya ndimazisunga zopanda mabatire mkati, chifukwa batire likakhalitsa limatuluka madzi oyera ouma amene amadya tizitsulo ta mkati.

Apa ndafika pa mfundo imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa mndandanda wa zogula. Sipeya amakhala malo awiri. Malo oyamba ndi amene mlendo amafika yekha osapempha: dirowa imodzi ya ku khitchini ndi dengu limodzi m'bafa. Malo achiwiri ndi kabati yokhoma, imene nambala ya loko wake timaidziwa ine ndi amayi okonza m'nyumba. Mukaika zonse poyera, zimatha msanga, chifukwa munthu akaona mulu wa matishu kapena matawulo khumi amagwiritsa ntchito momasuka, ena mpaka kutengako. Mukakhomera zonse, mudzadzutsidwa usiku chifukwa cha tishu. Ine ndimasiya zoti zikwane masiku amene mlendo wabukitsa, n'kuwonjezera pang'ono kuti asachite kuwerengera. Airbnb imatchula zinthu zimene imaziyesa zofunikira pa nyumba iliyonse: tishu, sopo, thawulo limodzi pa mlendo aliyense, pilo imodzi pa mlendo aliyense, ndi zoyala pa bedi lililonse. Amenewo ndi malire a pansi. Mlendo wa sabata yathunthu sangakhale ndi thawulo limodzi. M'dirowa ya ku khitchini muja mumakhala mababu awiri, mabatire, tochi, machesi, mapepala a m'bini, siponji yatsopano yotsukira mbale, adaputa ya mapulagi a mayiko ena ndi tchaja ya foni ya USB-C. Kabati yokhomayo ili ndi loko wa manambala, kotero kuti zikavuta ndili kutali, ndimatumiza nambala pa foni, mlendo n'kutenga chimene akufuna, ine n'kudzasintha nambalayo pambuyo pake.

Pali zinthu zina zimene mlendo sangakupempheni ngakhale atazifuna bwanji, chifukwa cha manyazi. Chimbudzi chikatsekeka, munthu amalolera kuvutika yekha kusiyana n'kuitana mwini nyumba kuti adzaone. Ndiye chopopera chimbudzi chimakhala pambali pa chimbudzicho, pooneka, pamodzi ndi burashi ndi magolovesi. M'dengu la m'bafa ndimaikamo mapadi angapo a amayi, mswachi watsopano wosatsegula ndi kachubu ka mankhwala otsukira mano. Bini ya m'bafa ili ndi chivundikiro ndi pepala mkati, ndipo zimenezi zokha zimachepetsa zinthu zoponyedwa m'chimbudzi. Ndinalembanso m'buku la malangizo a nyumba kuti zoyala zikadetsedwa usiku, mtolo wina uli pansi pa bedi m'bokosi, angosintha, zakudazo aike m'basiketi, palibe chofotokoza. Magazi amachoka ndi madzi ozizira akadali atsopano, pamene madzi otentha amawakhazikitsa m'nsalu, ndiye ndi bwino munthu asinthe msanga kusiyana n'kubisa. Bokosi la chithandizo choyamba lili ndi mapulasitala, mabandeji ndi lumo. Mankhwala akumwa sindiikamo. Sindidziwa thupi la munthu amene wabwera, ndipo si udindo wanga kumusankhira mankhwala.

Makiyi ndi sipeya amene akasowa china chilichonse sichithandiza, poti mlendo ali panja ndi zikwama zake. Nyumba yanga ili ndi makiyi anayi a chitseko chachikulu: a mlendo, anga, a amayi okonza m'nyumba, ndi ena amene ali m'kabokosi kachitsulo ka manambala komangiriridwa pamalo obisika. Anthu amadzitsekera kunja popita kukataya zinyalala, ena amataya kiyi kokayenda, ena amanyamuka nayo m'thumba n'kukumbukira ali pa bwalo la ndege. Amene anaika loko wamagetsi asaganize kuti athana nazo. Loko ameneyo amayendera mabatire, ndipo mabatire amatha. Ambiri amakhala ndi pobayira kiyi wamba kapena polumikizira batire kunja, koma muyenera kudziwa njira ya loko wanu tsiku la vuto lisanafike, ndipo kiyiyo isakhale mkati mwa nyumba yomwe yatsekekayo. Nambala ya kabokosi ndimaisintha mlendo aliyense akachoka.

Pa zamagetsi zing'onozing'ono ndimasunga ketulo ina, ayironi ina ndi chowumitsira tsitsi china, zonse zikadali m'makatoni. Ketulo ndi imene imafa kawirikawiri, chifukwa imayatsidwa yopanda madzi. Paipi yofewa ya shawa ndi mutu wake zilinso m'kabati. Zambiri zimakhala ndi mazinga a theka la inchi, ndipo kusintha kumangofuna manja, kalabala katsopano ndi tepi yoyera ya mapaipi. Pambali pake pali sikuludiraiva, pulayala, sipanala yosinthasintha, guluu, mafyuzi, ndi kachitini ka penti wa khoma, dzina la mtundu wake litalembedwa pa chivundikiro, poti zikwama zimakanda makoma a m'khonde.

Koma sikuti chilichonse chiyenera kukhala ndi chinzake. Firiji, makina ochapira ndi gizala simungasunge ziwiriziwiri. Sipeya wa zinthu zimenezi ndi anthu. Ndili ndi manambala a mapulambala awiri ndi amisiri a magetsi awiri, chifukwa mmodzi amakhala kuti ali pa ntchito ina kapena foni yake siikupezeka. Ndimawalipira tsiku lomwelo akamaliza ntchito, ndipo n'chifukwa chake amayankha ndikawaimbira Lamlungu. M'buku la malangizo muli chithunzi cha potsekera madzi a nyumba yonse ndi cha bokosi la magetsi, kuti paipi ikaphulika mlendo atseke madzi ine ndisanafike. Kupitirira pamenepo sindilola mlendo kukonza zamagetsi, ngakhale atanena kuti amadziwa.

Kabati yodzaza imanyenga ngati palibe amene akuwerenga. Chinthu chimatengedwa lero, china sabata yamawa, aliyense akuganiza kuti zatsala zambiri, mpaka tsiku limene dzanja lidzalowe m'katoni n'kupeza mulibe. Pa chitseko cha kabati yathu pali pepala la mizere itatu: dzina la chinthu, chiwerengero chimene chiyenera kukhalamo, ndi chiwerengero chimene tikafikapo ndiyenera kukagula. Cholembera chamangiriridwa ndi chingwe pomwepo. Wotenga chinthu amalemba, kaya ndi ine kaya ndi amayi aja, ndipo iwo akamaweruka amanditumizira chithunzi cha pepalalo. Sindidikira kuti chinthu chithe. Mababu akatsala awiri, ndiye kuti alowa kale pa mndandanda wa zogula. Pepala limeneli limatetezanso wantchito. Thawulo likasowa m'nyumba ya alendo, woyamba kukayikiridwa amakhala wokonza m'nyumba, pomwe anthu ambiri achilendo adutsamo. Pamene zinthu zimawerengedwa mlendo aliyense akachoka, zimadziwika tsiku limene chinthu chasowa, ndipo munthu wosalakwa sasenza mlandu. Komanso si chilungamo kumupatsa munthu maola asanu, osamupatsa zogwirira ntchito, kenaka n'kumudzudzula kuti bedi layalidwa ndi nsalu yonyowa.

Kasungidwe nakonso kali ndi malamulo ake. Nsalu zimafuna malo ouma opita mphepo. Mukazitsekera m'mapulasitiki pamalo a chinyezi zimachita nkhungu ndipo zimanunkha. Zochapidwa kumene timaziika pansi pa mulu n'kutenga za pamwamba, kuti zonse zizitha mofanana, pasakhale seti ina yatsopano mbee pamene ina yatheratu. Sopo wamadzi, mankhwala a mano ndi za m'bokosi la chithandizo choyamba zili ndi masiku othera ntchito, ndiye zakale zimakhala kutsogolo. Mankhwala otsukira ali pashelefu yawoyawo pansi, kutali ndi nsalu, ndipo nthawi zonse ndi okhomeredwa. Bulichi asasakanizidwe ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi kapena okhala ndi amoniya, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni, ndipo bafa ndi kachipinda kakang'ono. Ichi ndi chifukwa china chimene mlendo ndimamusiyira sopo wotsukira mbale ndi mankhwala amodzi opukutira patebulo basi.

Ndikudziwa chimene ena akuganiza: zonsezi ndi ndalama zogona pashelefu, pamene munthu wangoyamba kumene ndipo sanabweze n'zimene anagulira mabedi. N'zoona, ndipo sindikunena kuti mugule zonse tsiku limodzi. Yambani ndi makiyi, zoyala, matawulo, mababu, mabatire ndi matishu. Zinazo muziwonjezera mwezi ndi mwezi kuchokera pa ndalama imene nyumbayo yabweretsa. Koma taonani mbali inayo. Pa Airbnb mlendo amakhala ndi masiku 14 oti alembe ndemanga akachoka, ndipo kuti mwini nyumba atchedwe Superhost, dzina limene Airbnb imapatsa olandira bwino alendo, nyenyezi zimene alendo amamupatsa zisatsike pa 4.8 pa avereji. Tiyerekeze kuti mwalandira alendo khumi. Asanu ndi anayi akupatsani nyenyezi 5, mmodzi wakupatsani 2 chifukwa anasamba madzi akutuluka m'mbali mwa paipi ya shawa masiku awiri. Mwatsika kufika pa 4.7, ndipo ndemangayo idzawerengedwa ndi aliyense wofuna kubukitsa kwa nthawi yaitali. Paipiyo mtengo wake sufika n'komwe pa ndalama ya usiku umodzi. Ndipo ngakhale pakanapanda nyenyezi, munthuyo wabwera kuchokera kutali, watopa, wakukhulupirirani pongoona zithunzi. Ine zimandipweteka mtima kuganiza kuti wagona mokhumudwa m'nyumba mwanga chifukwa cha kanthu kamene ndikanatha kukasunga.

Sipeya anasinthanso momwe ndimaonera zosweka. Tambula ikasweka sindilipiritsa mlendo. Kapu, mbale, kasipuni, thawulo lothimbirira, zonsezi ndinaziwerengera kale pa mtengo wa chipinda, poti walira mvula walira matope. M'uthenga wolandirira alendo ndimalemba kuti, “Chinthu chikasweka musadandaule, ingondiuzani kuti tisinthe.” Anthu akadziwa kuti sadzalipiritsidwa amanena zoona, ndipo zimenezi n'zamtengo wapatali kuposa tambulayo. Ndimadziwa kuti pansi pa tebulo pangakhale tizidutswa ta galasi, amayi aja amasesa mosamala, ndipo mwana wa mlendo wotsatira savulala phazi. Woopa kulipira amabisa zosweka kumbuyo kwa sofa. Zowonongeka zazikulu, monga TV yosweka kapena chitseko chothyoledwa, ndi nkhani ina. Pamenepo pamafunika zithunzi ndi malisiti, ndipo pa Airbnb pempho lobwezeredwa ndalama liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14 mlendoyo atachoka. N'chifukwa chake malisiti a katundu yense wamkulu ali mu envulopu m'kabati momwemo, ndipo nyumba imajambulidwa chipinda ndi chipinda ikatha kukonzedwa, mlendo asanalowe.

Shelefu ya pansi penipeni ndi ya zinthu zimene si zanga. Alendo amaiwala matchaja, magalasi a maso, majuzi, zidole za ana, nthawi zina mankhwala awo. Chilichonse chimalowa m'kathumba kakekake, n'kulembapo tsiku ndi chipinda chimene chapezeka, ndipo mwini wake ndimamulembera uthenga tsiku lomwelo. Mankhwala, mapasipoti ndi makadi a ku banki ndimaimba foni nthawi yomweyo, chifukwa mwina munthuyo sanafike patali. Zinazo ndimasunga mwezi wathunthu. Tchaja yoiwalika imakopa kuti muiponye m'dirowa ya alendo, koma ine sinditero. Mwini wake akhoza kuifuna, komanso tchaja imene sindikudziwa kumene inachokera sindingaipereke kwa munthu wina kuti alumikize foni yake n'kugona. Mwezi ukatha popanda woitanitsa, zovala zabwino zimachapidwa n'kupatsidwa kwa ozisowa, ndipo zamagetsi zimapita kumene amasonkhanitsa zinyalala za mtundu umenewo.